Nipo Ikakana Kumasuka: Kuchotsa Mpweya M'mabuleki

(Nyimbo yotsegulira. Itsike pang'onopang'ono.)

WOWULUTSA: Lero tikamba za mabuleki, ndipo nkhani yathu tiikambira pa Biwi.

Aliyense woyendetsa galimoto mu Lilongwe amadziwa kuti galimoto ikadwala, njira yake imathera pa Biwi Triangle. Mukatuluka m'tauni ndi msewu wa M1 wolowera ku Dedza simuchedwa kufikapo. Mashopu a masipeya ali mbali ndi mbali, owotcherera, opopera penti, ma Hiace ndi ma Sienta ali pa jeke, miyendo ya anthu ikuonekera kunsi kwake. Mukaima pamenepo kanthawi, pakati pa phokoso la nyundo mumva wina akukuwa ali chagada kunsi kwa galimoto: "Popa! Popa! Gwira!" Wina m'kati n'kuyankha: "Ndagwira!" Amenewo akuchotsa mpweya m'mabuleki. Ntchito yake siyovuta, mnyamata amaidziwa asanathe mwezi pagalaja. Koma yonseyo imadalira kachitsulo kakang'ono kamene amakanika amati nipo. Kakakana kumasuka, ntchito ya theka la ola imadya tsiku lonse, ndipo apa m'pamene anthu amayamba zachidule zomwe zimapha.

Mwini galimoto akauzidwa kuti m'mabuleki muli mpweya amafunsa kuti, "Ndiye mpweyawo walakwanji?" Tengani jakisoni wopanda singano, mudzaze madzi, mutseke kukamwa kwake ndi chala, kenako mukankhe. Sasuntha, mphamvu yonse ikufika pa chala chanu. Tayani madziwo musiyemo mpweya: mukankha mpaka pakati chala chisanamve kanthu. Madzi safinyika, mpweya umafinyika. Blaise Pascal wa ku France analongosola m'zaka za m'ma 1600 mmene mphamvu imayendera m'madzi otsekeredwa, ndipo mabuleki a galimoto yanu amayendera nzeru yomweyo. Mukaponda pedulo, masita silinda imakankha mafuta a mabuleki m'mapaipi, mafutawo amakankha mapisitoni kumatayala onse anayi, mapisitoni n'kupanikiza mapadi pa disiki kapena mashuzi pa dilamu. Pakakhala thovu la mpweya panjirapo, phazi lanu limayamba lafinya thovulo. Pedulo imafewa, imatsika, ndiye mumapopa kawiri katatu kuti igwire. Madalaivala ena a minibasi anazolowera kupopako mpaka amayesa ndiwo mayendetsedwe ake. Pa siteji, pamene mukudziwiratu kuti muima, zimatheka. Koma mwana akadumphira mumsewu pa Kawale, nthawi yopopa kachiwiri simuipeza.

Mpweya umalowa mukatsegula njira ya mafuta, monga posintha silinda, kalipa kapena paipi. Umalowanso mafuta akatha m'kathanki chifukwa penapake pakudontha. Kusintha mapadi okha sikulowetsa mpweya ngati simunamasule paipi iliyonse. Ndipo si pedulo yofewa iliyonse imene ili ndi mpweya. Mashuzi akumbuyo akatalikirana ndi dilamu, pedulo imatsika. Mukaponda n'kugwira, pedulo n'kumapitirira kutsika pang'onopang'ono koma panja osaona kudontha, malabala a m'kati mwa masita silinda atha. Zimenezo ngakhale mutapopa mpaka dzuwa kulowa sizichira.

Palinso mdani wina: madzi. Pa botolo la brake fluid pamalembedwa DOT 3 kapena DOT 4, mlingo umene unakhazikitsidwa ndi unduna wa zamtengatenga wa ku America. DOT 3 yatsopano siyenera kuwira isanafike madigiri 205, DOT 4 madigiri 230. Koma mafuta amenewa amamwa chinyontho cha mumpweya tsiku ndi tsiku. Akamwa madzi okwana pafupifupi magawo 4 pa 100 alionse, DOT 3 imatha kuwira pa madigiri 140, DOT 4 pa 155. M'tauni muno simungadziwe kusiyana kwake. Mudzadziwira ku Khwekhwerere, mukutsika kuchoka pa Masasa kulowera ku Golomoti, galimoto yadzaza anthu ndi matumba, phazi lili pa buleki makona onse aja. Makalipa amatentha, madzi aja amawira n'kusanduka nthunzi, nthunzi nayo imafinyika, pedulo n'kungoti pansi fwa! Choipa chake n'choti mukapulumuka, galimoto ikazizira mabuleki amabwerera, ndiye mwini wake amati panalibe vuto. Opanga magalimoto ambiri amati mafutawa azisinthidwa zaka 2 kapena 3 zilizonse. Kuno ambiri timangowonjezera pamwamba, ndipo pali magalimoto amene akuyendera mafuta omwe anabwera nawo kuchokera ku Japan, akuda bii.

Ndiponyepo mawu awiri pa zothiramo. DOT 3, DOT 4 ndi DOT 5.1 ndi a mtundu umodzi. DOT 5 yopanda kadontho ndi ina, ya silicone, musaisakanize ndi enawo. Oyilo wa injini kapena wa giyabokosi amatupitsa malabala onse, mudzasintha chilichonse kuyambira masita silinda mpaka kumatayala. Za madzi a sopo zija madalaivala amauzana kuti zimapulumutsa kutchire, madzi amawira pa madigiri 100, ndipo amasiya dzimbiri m'kati. Botolo lotsegulidwa kale limene lakhala miyezi m'buti lamwa kale chinyontho, gulani lomata.

(Nyimbo pang'ono.)

Tsopano tifike pa nipo. Muigwire m'manja muione. Ndi kabawuti kachitsulo, kunja kuli mazinga, m'kati muli bowo kuchokera kumutu mpaka pafupi ndi kunsonga. Nsonga yake ndi yosongoka, ndipo ndiyo imatseka mafuta ikakhala pa mpando wake m'kati mwa kalipa. Mazinga satseka mafuta, ntchito yawo ndi kukankhira nsongayo pa mpando basi. Amene amakulunga tepi pa mazinga poganiza kuti aletsa kudontha akutaya nthawi. Pa magalimoto ambiri a ku Japan mutu wa nipo umalowa sipanala nambala 8 kapena nambala 10. Ndipo chifukwa cha bowo lija, chitsulo chimene chimanyamula mphamvu ya dzanja lanu n'chochepa kwambiri. Nati ya tayala pa ma Toyota ang'onoang'ono ambiri imamangidwa ndi mphamvu ya ma newton mita 103. Nipo imafuna pakati pa 8 ndi 11. Munthu amene wangomaliza kumanga matayala akaigwira ndi dzanja lomwelo, yathyoka.

Imagwira chifukwa chiyani? Choyamba, kachipewa ka labala kamene kamavala kumutu kwake kanagwa kalekale, ndipo palibe anakasaka. Madzi ndi matope a m'misewu ya ku Chinsapo, ku Mgona ndi ku Area 23 nthawi ya dzinja amalowa m'bowo lija n'kukhazikika pa mazinga. Chachiwiri, magalimoto athu ambiri amafika kudzera pa Dar es Salaam ndi Songwe atayenda kale zaka kwawo. Kumadera ozizira a ku Japan ndi ku Britain amathira mchere m'misewu nthawi ya chisanu, ndiye galimoto imaoneka yowala pamwamba, kunsi dzimbiri lili mbwee. Chachitatu, makalipa ena ndi a aluminiyamu. Chitsulo ndi aluminiyamu zikakhudzana pali chinyontho zimadyana, pamatuluka ufa woyera umene umamata mazinga kuposa dzimbiri wamba. Chachinayi ndi dzanja la amene anamanga komaliza.

Amakanika anzanga, chimene ndabwerera pano lero ndi ichi. Galimoto ikabwera kuti musinthe silinda, kalipa, paipi kapena masita silinda, musanamasule chilichonse, yambani mwazungulira manipo onse anayi. Iliyonse muimasule pang'ono n'kuimanganso. Zikamasuka zonse, pitirirani ndi ntchito. Ina ikakana, galimoto idakali ndi mabuleki ake, njira ya mafuta simunaitsegule. Mutha kumuuza mwini wake kuti, "Abwana, nipo yakumbuyo kumanzere yagwira. Tiinyowetse lero, ntchito tigwire mawa, ndipo mukonzekere ndalama ya silinda mwina ithyoka." Koma mukayamba ndi kumasula paipi, mafuta atayika, mpweya walowa, ndiye mwazindikira kuti nipo sikutembenuka, mwadziika pakona nokha. Galimoto siingachoke, mwini wake waima pamutu panu akuwerenga matiripi amene akumudutsa, kondakitala akuti madzulo akufuna ya ndiwo. Manipo ambiri pa Biwi amathyoka nthawi imeneyi.

Tinene kuti mwaipeza yogwira. Yambani ndi bulashi ya waya, mupale matope ndi dzimbiri kuzungulira pamene nipo yalowera m'kalipa mpaka chitsulo chioneke. Mankhwala omasulira dzimbiri sangalowe pa mazinga ngati pakhomo patsekedwa ndi dothi. Kenako poperani WD-40 kapena mankhwala ena olowerera pa mazinga, musiye. Mubwerenso, mupoperenso. Usiku wonse ngati nthawi ilipo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Samalani kuti mankhwalawo asagwere pa mapadi kapena pa disiki.

Kenako igogodeni. Osati kuimenya, kuigogoda: nyundo yaing'ono, kumutu kwa nipo molunjika, ndiponso m'mbali mwa kalipa pafupi ndi pamene yalowera. Go, go, go, kambirimbiri. Kunjenjemera kumeneko kumaswa dzimbiri limene lamanga mazinga, ndipo mankhwala aja amapeza njira. Amakanika ena amalowetsa m'bowo la nipo tsinde la kachitsulo kobowolera kolingana bwino ndi bowolo, kuti pokoka nipo isaphwanyikire m'kati. Ndi nzeru yabwino.

Sipanala yake ikhale ya ring'i kapena soketi ya makona 6, yolowa mothina. Ya makona 12 imagwira nsonga zokha za mutu, ndipo mutu wadzimbiri umangoperesuka. Yotsegula kukamwa ndiye musaiyandikitse n'komwe, pulayazi chimodzimodzi. Ngati dzimbiri ladya mutu moti nambala 8 ikugwedera, sakani soketi yocheperapo muikhomerere ndi nyundo. Ndipo chogwirira chikhale chachifupi. Paipi yowonjezera pa sipanala ndi ya manati a tayala.

Tsopano mvetserani dzanja lanu. Yambani ngati mukumanga, pang'ono chabe, kenako bwererani ngati mukumasula. Uku, uku, uku, uku. Kugwedeza sipanala ndi chikhatho kapena kuigogoda mopepuka kumaposa kukoka mosalekeza. Nipo imene ikugonja imalira kuti tswii kapena khe, ndipo imasuntha yonse pamodzi, mutu ndi tsinde lomwe. Imene ikupotoka siilira. Sipanala imayenda mofewa, mtima n'kuyamba kukondwa kuti yatheka, koma mukayang'ana patsinde pomwe yalowera m'kalipa sipakuyenda. Kufewa kumeneko ndi chitsulo chikutha mphamvu. Siyani pomwepo, bwererani ku mankhwala ndi nyundo. Ikayamba kusuntha, musaithamangitse: masulani pang'ono, bwezerani, poperani, masulaninso. Ikatuluka, tokosani bowo lake ndi kawaya, chifukwa nipo yotsekeka ndi dothi imamasuka koma osatulutsa kanthu. Ngati mutu wake wawonongeka, ikani yatsopano, muonetsetse kuti mazinga ndi nsonga zikufanana ndi yakale. Manipo amaoneka ofanana m'mbale ya wogulitsa, koma mazinga amasiyana.

Zonsezi zikakanika pamatsala moto. Pa Biwi gasi sasowa, ndipo n'chifukwa chake anthu amathamangira moto msanga. Moto umagwiradi ntchito: mukatenthetsa chitsulo cha kalipa kuzungulira nipo, chimafutukuka n'kusiya mazinga. Koma chotsani kalipa pa galimoto kaye. Pafupi pali paipi ya labala, pali mawaya a ABS, kumbuyo kuli thanki ya petulo. Khuthulani mafuta onse, chifukwa amayaka, ndipo akatsekeredwa m'kati n'kutentha amatha kutulutsa pisitoni mwamphamvu. Kalipa ya aluminiyamu siifiira ngati chitsulo kuti ikuchenjezeni, imangosungunuka isanapitirire madigiri 660. Musatenthetsenso pamene mwangopopera mankhwala otsukira mabuleki, ena mwa iwo amatulutsa utsi wa poizoni akakumana ndi moto. Ndipo kalipa imene yalawa moto imafuna malabala atsopano, musabwezeremo akale.

Nanga ikathyoka? Pumani kaye. Nipo yothyokera kumutu nthawi zambiri siidontha, chifukwa nsonga idakali pa mpando wake. Vuto ndi loti mpweya ulibenso potulukira. Ngati ndi silinda ya kumbuyo, ya m'dilamu, musavutike nayo, gulani ina. Nthawi imene mutaye poibowola ndi yodula kuposa silindayo. Ngati ndi kalipa, pitani nayo kwa wowotcherera wa dzanja lokhazikika. Amaika nati pamwamba pa kachitsa kotsalako n'kuwotcherera m'kati mwa natiyo. Kutentha kwake kumamasula mazinga, ndipo mwapeza mutu watsopano wogwira ndi sipanala. Nthawi zina nati imaduka, amawotchereranso ina. Kachitsulo kozulira mabawuti othyoka kamene amati easy-out ine sindikakonda pa nipo. Kamafutukula kachitsa kabowo kaja n'kukathinitsa kwambiri, ndipo kakathyokera m'kati n'kolimba moti simungakabowole. Kubowola ndi njira yomaliza, ndipo n'kofuna makina okhazikika, osati dzanja lonjenjemera pansi pa mtengo. Mukakanda mpando wa nsonga uja, kalipa yatha ntchito. Mukagula ina, yatsopano kapena yochotsa pa galimoto ina, yesani nipo yake muli pashopu pomwepo. Muonenso kuti ndi ya mbali yake. Kalipa yakumanja ikamangidwa kumanzere, nipo imakhala pansi, pamene mpweya umakwera pamwamba. Mupopa mpaka botolo lithe, pedulo ili yofewabe.

Manati a mapaipi nawo ali ndi khalidwe lawo. Paipi ya buleki ndi yopyapyala, mamilimita 4.75 pa magalimoto ambiri ang'onoang'ono, ndipo imadutsa m'kati mwa nati yake. Nati imatha kumasuka pa mazinga koma itamatirira ku paipi. Mukatembenuza, paipi imapotoka nayo limodzi mpaka kuduka. Diso likhale pa paipi, osati pa sipanala. Ikayamba kutsatira nati, imani, palani, poperani, gwedezani uku ndi uku mpaka nati iyende yokha. Pali sipanala yake yapadera, ring'i yodulidwa kampata koti paipi ilowe, imene imagwira mbali zisanu za nati. Galaja yogwira ntchito ya mabuleki iyenera kukhala nayo, makamaka nambala 10. Pomasula pamene paipi yachitsulo yakumana ndi ya labala, gwirani mbali inayo ndi sipanala yachiwiri.

(Nyimbo pang'ono.)

Eni magalimoto, gawo ili ndi lanu. Pali njira zachidule zitatu zimene makanika amatsata mukamupanikiza, ndipo ndi bwino muzidziwe.

Ina ndi kuchotsera mpweya pa nati ya paipi m'malo mwa nipo yothyoka. Mafuta amatulukadi, pedulo imalimbako, koma paipi siilowera pamwamba penipeni pa kalipa, ndiye mpweya wina umatsala. Kungakufikitseni pagalaja, koma si kukonza. Ina ndi kutseka paipi ya tayala lovutalo, ena amaiphwanya ndi nyundo, ena amatsekamo msomali kapena kabawuti. Pedulo imalimba bwino kwambiri, mwini wake n'kuchoka akuyamika. Koma galimoto ikuyenda ndi mabuleki atatu. Tsiku limene mudzaponde mwadzidzidzi pa tala wonyowa, idzakokera mbali imodzi, ndipo mbali imeneyo kungakhale njinga ya kabaza kapena galimoto yobwera kutsogolo. Yachitatu ndi kulumikiza paipi yoduka ndi kapaipi ka labala ndi waya, kapena kuimata ndi moto. Tayala la Sienta limapopedwa mpweya wa ma bar 2 ndi pang'ono. M'paipi ya buleki, mukaponda ndi mphamvu zonse, mumafika ma bar 70 ngakhale kupitirira 100. Chigamba chimapirira masiku onse amene mukuponda mofatsa, n'kudzaphulika tsiku limene mwaponda ndi mantha. Paipi yoduka imasinthidwa yonse, ndi paipi yopangidwira mabuleki, yopindidwa milomo ndi chida chake.

Makanika akakuuzani kuti galimoto igone, musamuone ngati waulesi kapena wofuna kukudyerani. Ine ndimakayikira amene amandiuza kuti nipo yathyoka koma "tapanga pulani". Mufunseni pulaniyo. Ndipo COF ya ku Road Traffic imangonena za tsiku limene anaiyesa galimotoyo, siidziwa zimene zachitika kunsi kwake sabata yatha.

Tsopano manipo onse akumasuka, tichotse mpweya. Galimoto ikhale pa masitandi, osati pa jeke yokha, osatinso pa njerwa. Yamwani mafuta akale m'kathanki, mudzaze atsopano. Pa nipo valikani kapaipi kapulasitiki koonekera m'kati, mbali inayo ilowe m'botolo momwe muli mafuta pang'ono. Ambiri amangotsegula mafuta n'kumathovokera pa tayala ndi pansi, koma popanda kapaipi simungaone ngati thovu latha. Pansi pa pedulo ikani kathabwa. Masita silinda yakale imakhala ndi dzimbiri kumapeto kumene pisitoni siifikako masiku onse, ndiye mukaponda mpaka pansi malabala amakhulika pa dzimbirilo, n'kupezeka mwapha masita silinda imene inali yamoyo. Tamverani mmene zimayendera.

MAKANIKA: Iwe, wakhala bwino? Injini usalize. Popa katatu, mofatsa.

MNYAMATA: Ndapopa, abwana.

MAKANIKA: Gwira. Usasiye mpaka ndikuuze.

MNYAMATA: Ndagwira. Ikutsika... yafika pa thabwa.

MAKANIKA: Khala pomwepo. Ndatseka. Siya tsopano, pang'onopang'ono. Thovu likadalipo, tibwerezenso. Koma yamba wasuzumira m'kathanki.

MNYAMATA: Atsika kufika pakati, abwana.

MAKANIKA: Wonjezera. Akatha mmenemo tiyambiranso pachiyambi, ndipo botolo lina ugula ndiwe.

WOWULUTSA: Mwamva pamene pagona nkhani. Nipo imatsegulidwa phazi lili pa pedulo, ndipo imatsekedwa phazi lisanachoke. Mnyamata akasiya msanga, pedulo pobwerera imayamwa mpweya kudzera pa nipo yomweyo. Kutsegula kwake n'kochepa, kota ya kuzungulira yakwana. Mubwereze mpaka m'kapaipi mukuyenda mafuta oyera opanda thovu.

Muyambire tayala liti? Lamulo lakale limati yambani ndi lakutali kwambiri ndi masita silinda. Magalimoto athu chiwongolero chili kumanja, masita silinda ilinso kumanja, ndiye nthawi zambiri mumayamba kumbuyo kumanzere, kenako kumbuyo kumanja, kutsogolo kumanzere, n'kumalizira kutsogolo kumanja. Koma si onse. Ma Honda ena amayambira kutsogolo, ndipo buku la galimotoyo ndilo limalamula. Ma Hiace ndi ma Hilux akale ali ndi valavu kunsi chakumbuyo imene imachepetsa kapena kuwonjezera mphamvu ya mabuleki akumbuyo malinga ndi katundu. Pa ena valavuyo ili ndi nipo yakeyake, ndipo poti imakhala m'matope ndipo anthu amaiiwala, ndiyo imagwira kuposa zonse.

Galimoto ya ABS imachotsedwa mpweya chimodzimodzi, pokhapokha ngati mpweyawo walowa m'bokosi la ABS lenilenilo. Pamenepo pamafunika kompyuta yoti itsegule mavalavu a m'katimo. Ma hybrid, monga Aqua ndi Prius, ndi nkhani ina: mabuleki ake ali ndi pampu yamagetsi imene imasunga mphamvu ngakhale galimoto itazima. Ngati simunaphunzire ndondomeko yake ndipo mulibe kompyuta, atumizeni kwa amene ali nayo. Palibe manyazi pamenepo.

Mukamaliza tayala lililonse, mangani nipo ndi zala ziwiri pa sipanala yaifupi. Ikakhala pa mpando, kanikizani pang'ono basi. Pukutani, ndipo valikani kachipewa ka labala. Ngati kanatayika, kasakeni pa kalipa yakale kwa ogulitsa masipeya. Mafuta akagwera pa penti tsukani ndi madzi msanga, amasupula. Akale aja musawathirenso m'kathanki, musawatayire m'ngalande, ndipo musawasunge m'botolo la chakumwa. Ndi poizoni, ndipo m'magalaja mwathu mumadutsa ana.

Galimoto isanalowe mu M1, pondani pedulo mwamphamvu kwa theka la mphindi. Isatsike. Wina azungulire kunsi ndi tochi kuona nipo iliyonse ndi nati iliyonse imene mwaigwira, pakhale pouma. Lizani injini, pedulo itsikako pang'ono chifukwa cha busita, zimenezo n'zabwinobwino. Kenako yendani pang'onopang'ono pamalo opanda anthu, muponde, muone ngati ikuima mowongoka. Mudzaze kathanki mpaka pa mzere wa pamwamba, ndipo mumuuze mwini wake kuti mawa m'mawa asuzumiremo asananyamuke. Akapeza atsika, abwere nayo.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Sabata yamawa tidzakamba za handibuleki ndi kasinthidwe ka mashuzi akumbuyo. Tsalani bwino.

(Nyimbo yotsekera.)